Alamu Anga Otcha Ziwanda Mayina

Alamu anga, mng'ono wa amuna anga, anabwera kudzakhala nafe mwana wanga ali ndi miyezi iwiri. Anafika ndi chikwama chimodzi, laputopu yong'aluka pakona, ndi kope la chikuto chofiira. Tinawapatsa kachipinda kamene timasungamo ndowa ndi njinga yakufa.

Anaphunzira za magetsi koma ntchitoyo inawakana. Anagulitsapo machaja m'mbali mwa msewu, anakhalaponso kondakitala kwa masabata atatu. Tsopano akuti ali ndi anzawo anayi amene amapanga masewera a pafoni. Anzawowo sindinawaonepo. Wina amajambula, wina amaika nyimbo. Gawo la alamu ndi kulemba nthano yake ndi kutcha mayina ziwanda zachikazi zimene wosewera amalimbana nazo.

Poyamba ndinkayesa nthabwala, mpaka nditaona kagwiridwe kawo ka ntchito. M'mawa uliwonse amuna anga akachoka, alamu amaima pakhomo la kumbuyo n'kuitana dzina katatu, ngati mayi woitana mwana amene wachedwa kosewera. Akatero amakhala chete, kumvetsera. Likapanda kuwakomera amalikhwatcha m'kope muja.

"Alamu, mukuitana ndani?" ndinafunsa tsiku lina ndikuyanika matewera.

"Palibe, alamu. Ndikungoliyesa."

"Nanga tsiku lina akadzayankha?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndidzamutumiza kwa inu, adzakuthandizeni kuchapa."

Ine sindinaseke. Anandifotokozera kuti dzina laukali siliopsa munthu. "Mukachitcha Chinyanga kapena Manoamoto, ngakhale mwana aseka. Pamafunika dzina lofewa, loti ukalimva panja utsegule chitseko wekha."

Ndiye mayina ofewawo amawatenga kuti? Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Tsiku la sikelo anadzipereka kundiperekeza kuchipatala, ati andinyamulire chikwama. Munthu amene sanyamula ngakhale mbale imene wadyera! Titafika anakhala pabenchi ya kumbuyo, kope lili pabondo. Namwino akaitana dzina la mwana wamkazi, cholembera chawo chimayenda. Likakhala la mwamuna, chimaima. Ataitana la mwana wanga sindinayang'ane sikelo, ndinayang'ana dzanja la alamu. Linayenda.

Amuna anga atabwera ndinawauza. Iwo anati, "Iwe, ndi masewera chabe. Dzina silitha ngati sopo." Amuna anga ndi munthu woti nyumba ikuyaka amayamba wafunsa ngati tiyi wapsa.

Koma ine ndinkaona mwana wanga atakula, ali kusukulu, anzake akumulozera foni, ati si iwe uja timakubaya ndi mkondo? Ndinkaona anthu osawadziwa, zikwizikwi, akutchula dzina lake atakukuta mano, akufuna kuti afe. Dzinalo ndinalisankha ndekha ndili ndi pakati, ndipo silipezeka wambawamba. Likakangolowa m'masewerawo, aliyense adzayamba kulidziwa ngati la chiwanda, mwana wanga n'kubwera pambuyo.

M'mawa mwake, alamu ali kubafa, ndinatsegula kope lija. Mayina ambiri anali okhwatchidwa. La mwana wanga lokha analizunguliza kawiri, ndipo pambali pake analemba kuti: cha pamlatho, gawo lomaliza. Anandipeza ndili nalo m'manja.

"Alamu, mwayamba kuwerenga makalata a eni?"

"Lifufuteni."

"Ndi dzina lokoma, n'chifukwa chake ndina..."

"Kukoma kwake ndikukudziwa, ndinalisankha ndine. Lifufuteni."

Anakanda mutu. Anati anzawo akudikira dzina pofika masana, ndipo pa mayina makumi atatu amene anayesa, limeneli lokha ndi limene linawaimitsa tsitsi. Anandilonjeza kuti asintha chilembo chimodzi. Ndinawafunsa ngati wakuba akapaka mbuzi utoto imasiya kukhala ya mwini wake.

"Ndiye nditumize chiyani, alamu?"

"Tengani langa," ndinatero. "Ine ndakula kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita pakhomo la kumbuyo, thawulo lidakali m'khosi, n'kuitana dzina langa katatu. Chikwatiwireni palibe amene analitchulapo choncho, aliyense amangoti mayi a mwana. Ndinatsala pang'ono kuyankha.

"Ili ndiye labwinonso!" anatero, nkhope ili mwee. "Bwanji simunanene kale?"

Tsambalo ndinaling'amba ndekha n'kuliponya pambaula. Ndinaima pomwepo mpaka linasanduka phulusa.

Patapita miyezi itatu alamu anandiitana kuti ndidzaone pafoni. Chiwandacho chimaima pakati pa mlatho. Ndi chachifupi ngati ine, ndipo chili ndi mpata pakati pa mano akutsogolo ngati wanga. Munthu akachiyandikira chimayamba chagwira kumsana, monga ndimachitira ine ndikamva galimoto ikubwera ndili ndi mwana. Sindinadziwe kuti ndimatero mpaka nditaziona pamenepo.

Ndinawakhazika pansi kuti andisewerere kuyambira gawo loyamba mpaka lomaliza, ine ndikuwerenga dzina lililonse lotuluka. La mwana wanga mulibe. Amuna anga akuti ndiwathokoze alamu pondipatsa ulemu wa gawo lomaliza. Ndinawathokoza. Koma masiku ano alamu akamunyamula mwana n'kuyamba kumuyang'anitsitsa kumaso, ndimamutenga. Ndimati akufuna kuyamwa.