Dzina la Kalipentala wa ku Mishoni

Amayi anga anali oyera khungu, tsitsi lawo lofewa, loti chipeso chimangodutsa osakodwa. Kwathu ku Thyolo, m'mudzi wochita malire ndi esiteti ya tiyi, aliyense ankadziwa kuti bambo awo anali mzungu, Msikoti, ndipo nkhaniyo inkathera pomwepo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ukafunsa za mtundu wako amakuwerengera amayi ako, amayi a amayi ako, amalume ako, mpaka kukafika pa gogo wina amene anawoloka Ruo ndi mtsuko pamutu. Za abambo salabadira. Agogo aakazi sanatchulepo dzina la mwamuna amene anawapatsa mwanayo, ndipo ife sitinkadabwa, poti akazi a nthawi imeneyo sankatchula dzina la mwamuna wawo ngakhale wa ukwati wa m'tchalitchi. Chimene tinali nacho chinali dzina lachiwiri la amayi, dzina la Chisikoti lovuta pakamwa, limene analembetsa nalo sukulu ya ku mishoni. Tonse tinkangoti ndi la bambo awo. Nanga likanakhala la ndani?

Amayi anamwalira ine ndili kuno ku London, ndikugwira ntchito ya unamwino pa chipatala china cha ku Lewisham. Ndinafika kumudzi ataikidwa kale. Nditabwerera, chisoni chinasowa pokhala, ndiye chinakakhala pa dzina lija. Ine ndine munthu woti ndikagwira chinthu sinditaya. Mwana wanga wamwamuna, wobadwira konkuno, anandionetsa mofufuzira makolo pa kompyuta, iye n'kuyesa kuti ndi za sabata imodzi. Zinanditengera zaka.

Ndinamupeza munthuyo. Anali kalipentala, wobadwira m'kamudzi ka asodzi kumpoto kwa Aberdeen, amene anapita ku Nyasaland kukaphunzitsa za matabwa pa mishoni yathu yomwe ija. Dzina lomwelo, malo omwewo, zaka zomwezo. Anali ndi mkazi, koma analibe mwana wolembedwa. Ndinati inde, wolembedwa analibe. Kuchoka pa iye ndinakwera m'mwamba: bambo ake msodzi, agogo ake msodzi amene anamira, kenako woluka nsalu, kenako anthu amene anangosiya dzina m'mabuku a ubatizo. Anzanga akatenga tchuthi ankapita kumudzi kapena kokaothera dzuwa. Ine ndinkakwera sitima ya kumpoto, kukaima pamanda a kalipentala mvula ikundimenya. Ndinazula udzu pamandapo, n'kusesa ndi manja monga timachitira kwathu, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire pamanda a amayi. Chithunzi chake ndinachipeza m'buku lakale la za mishoni: bambo wamtali, wamakutu akuluakulu, ataima pambali pa benchi yopalira matabwa. Ndinachikulitsa n'kuchipachika pabalaza.

"Taona makutuwo," ndinamuuza mwana wanga. "Si akowa?"

"Mum, everyone's got ears," anatero, n'kubwerera pa foni yake.

Zonsezi zinali zongotonthozera mtima wanga, zosapweteka munthu, mpaka vuto litagwera mng'ono wanga. Iye ndi chitsiriza m'mimba mwa amayi, ndipo ndi amene anatengera kwambiri khungu lawo. Mwamuna wake atamwalira, anasiya ana ake awiri kwa msuweni wathu ku Limbe n'kubwera kuno kudzasamalira okalamba m'nyumba ina ya ku Ilford. Ankagwira ngati bulu. Mapazi ankatupa mpaka nsapato kukana, koma ana anali pasukulu, ndipo ankawalonjeza kuti adzawaitanitsa. Kenako kampani imene inamubweretsa inalandidwa chilolezo cholembera anthu akunja. Anauzidwa kuti apeze ina yomutenga, apo ayi abwerere kwawo. Anasiya kachipinda kake n'kudzagona pa sofa panga, pansi pa chithunzi chija. M'mawa uliwonse ankavala bwino n'kupita kukagogoda. Anzake ofuna ntchito yomweyo anali mazanamazana, ndipo madzulo ankabwera atangoti ndwii, osafuna n'chakudya chomwe.

Tinapita kwa loya wina wa ku Tottenham, amene ofesi yake inali pamwamba pa golosale yogulitsa zakudya za ku Africa, moti fungo la nsomba zouma linkakwera nafe masitepe. Atamva za agogo athu, anaika cholembera pansi. Anati munthu wa ku Malawi amene agogo ake anabadwira ku Britain ali ndi viza yakeyake. Amakafunsira ali kwawo, koma akaipeza amabwera osadalira kampani iliyonse, ndipo amatha kutenga ana. Mng'ono wanga anandigwira dzanja mpaka kundipweteka. Ine ndinatulutsa chipepala changa chachikulu cha mtundu wathu, ndikunyada ngati mwana amene wakhoza mayeso. Loyayo anachiyang'ana mwaulemu n'kunena kuti ndi chokongola, koma chikungosonyeza makolo a kalipentala, osati kuti kalipentala anabereka amayi. Amayi analibe chikalata chobadwira. Anati tiyambe ndi kupeza munthu wamoyo amene ankawadziwa onse awiri, woti angalumbire. Anachenjeza kuti ngakhale zimenezo mwina sizikwanira, koma popanda izo palibe poyambira.

Munthu woteroyo analipo, ndipo ndinkamuona Lamlungu lililonse. Anali mayi wina wokalamba wa mumpingo mwathu, mkazi wamasiye wa wandale amene anathawa kwathu m'nthawi ya chipani chimodzi. Ndinkadziwa kuti anakulira pa mishoni yathu, koma sindinawafunsepo kanthu, chifukwa sindinkawakonda. Ankavala wigi ndi magolovesi, ankatitchula ife anamwino kuti obwera dzana, ndipo ankakonza anthu katchulidwe ka mawu a nyimbo pakati pa mapemphero. Paja amati safunsa anadya phula.

Tinapita kunyumba kwawo ku Ilford Lamlungu masana, titanyamula ufa ndi usipa. Anatikhazika pamipando yokutidwa ndi pulasitiki, n'kuchepetsa mawu a wailesi yakanema, osazimitsa. Ndinafotokoza zonse, kenako ndinawapatsa chithunzi chija, chimene ndinachichotsa pakhoma m'mawa womwewo. Anavala magalasi. Nkhope yawo youma ija inasungunuka.

"Abambo!" anatero. "Mwawapeza kuti abambo?"

Ndinaganiza kuti ndapeza azakhali, mwana wina wa kalipentala, ngakhale iwo anali akuda ngati ine. Ndinawauza kuti amenewo ndi agogo athu, bambo a amayi, n'kutchula dzina la amayi lonse. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Amayi anu ndinkawadziwa. Tinkagona chipinda chimodzi, ankakodza pamphasa. Dzina limenelo inenso linali langa ndisanakwatiwe. Tinalipo ambiri a dzina limenelo, mwana wanga. Abambowa ndi akazi awo analibe mwana, ndiye ankatola ife: amasiye ngati ine, ndi ana amene azungu a m'maesiteti ankasiya m'midzi. Tikamalembetsa sukulu, aphunzitsi ankafuna dzina la bambo. Iwo ankangoti, lembani langa."

Pa wailesi yakanema anthu ankaphika chinachake, akuseka. Ndinafunsa, ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga, kuti nanga bambo a amayi anali ndani.

"Mzungu wina wa ku fakitale ya tiyi. Anakhala nyengo imodzi yokha, n'kupita."

"Dzina lake?"

"Antchito anali ndi dzina lawo lomunyoza, chifukwa cha chikoti chimene ankayenda nacho. Lenileni analidziwa ndani?"

"Koma anali Msikoti?"

"Azungu onse a kumeneko tinkati ndi Asikoti." Anaika chithunzi pamiyendo pawo n'kuchisisita. "Ndipo musamati agogo anu sankamutchula chifukwa cha ulemu. Anali mtsikana wothyola tiyi. Sanafunsidwe."

Zaka zonse zija ndinali kusesa manda a munthu wosalakwa, ndikumunena mumtima kuti anachimwira mkazi wake, n'kumamukhululukira. Koma mng'ono wanga analibe nthawi yoganiza zimenezo. Anatsika pampando n'kugwada pakapeti, manja pamodzi.

"Amayi, pliz. Dzina ndi lomwelo, mishoni ndi yomweyo. Palibe angadziwe. Mungosaina kwa loya kuti anali bambo awo, basi. Viza yanga yatsala pang'ono kutha. Ana anga ali pasukulu, amayi."

"Dzuka, mwana wanga."

"Sindidzuka. Mwanena nokha kuti anati lembani langa. Ndiye tingolembanso lawo. Akanakhala moyo akanakana?"

Ndinaona kuti funsolo lawalasa mayi aja. Ndinayembekeza. Ndikunena zoona, ndinapemphera kuti aname.

"Akanakupatsa dzina," anatero potsiriza. "Koma iwe ukufuna ndikalumbire kuti anagona ndi mtsikana wa kumudzi akazi awo ali m'nyumba. Munthu amene anandigulira nsapato zanga zoyamba. Ine ndatsala pang'ono kupita, ndipo kumene ndikupitako ndikawapeza onse awiri. Ndikawayang'ana bwanji?"

"Iwo anamwalira, amayi. Ana anga ali moyo."

"Ndikudziwa."

Anaitana mdzukulu wawo kuti atipangire tiyi, ndipo tinamwa, chifukwa sitikanakana tiyi m'nyumba ya munthu wamkulu. Potuluka anandifunsa ngati angasunge chithunzicho, poti chawo chinatsala kwathu pamene ankathawa. Ndinawasiyira.

Tinakwera sitima yobwerera. Titatsika, tikudikira basi, mng'ono wanga anati, "Achemwali, zaka zonsezi simunawafunse mayiwa?" Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Ndinayesabe. Ndinapimitsa malovu, kuyeza kuja kumene kumaonetsa kumene magazi a munthu anachokera. Zotsatira zinabwera mochedwa, zikunena kuti gawo lina la magazi anga ndi la kuzilumba zino. Zinandionetsa abale akutali, ena ku Canada, ena ku Australia, anthu oti sangadziwe n'komwe kuti Thyolo ili kuti. Ndinawalembera onse. Mmodzi yekha anayankha, mayi wachifundo amene anati m'banja mwawo simunamvekepo za munthu amene anapita ku Africa, ndipo anandifunira mafuno abwino. Ndinaimbira akuluakulu otsala kumudzi. Anandiwerengera amayi a amayi, ndi amalume, mpaka kukafika ku Ruo, onse bwinobwino osaphonya ngakhale mmodzi. Nditafunsa za mzungu uja, amalume ena anaseka n'kunena kuti tambala wobwereka safunsidwa dzina.

Mng'ono wanga anakana kukhala mobisala. Anati sangathe kukhala moyo wothawa galimoto iliyonse yoima pakhomo. Ndinamuperekeza ku bwalo la ndege ndi masutikesi awiri, imodzi yodzaza zovala ndi nsapato za ana zimene ankasonkhanitsa kuti adzavale akadzabwera kuno kozizira. Majekete okhuthala, a ana okakhala ku Limbe. Sindinathe kumuuza kuti awasiye.

Mayi aja ndimawaonabe kutchalitchi. Tsopano amayenda ndi ndodo, ndipo nthawi zina ndine amene ndimawagwira mkono pamasitepe. Ndikudziwa kuti sanalakwe. Sindinawakhululukire. Zinthu ziwirizi zimakhala mwa ine limodzi, ndipo palibe chimene chikufuna kuchoka.

Chimandipweteka koposa n'chakuti munthuyo analipodi. Anabadwira kwinakwake pa chilumba chino, mwina mtunda woti n'kufika pa sitima tsiku lomwelo. Dzina lake linalembedwa bwinobwino m'buku la ubatizo, ali ndi manda, mwina ali ndi zidzukulu zimene ndinazisambitsapo m'chipatala. Anatenga zimene ankafuna kwa agogo anga, n'kusiya khungu lake pa amayi ndi pa mng'ono wanga, koma chinthu chimodzi chokha chimene chikanatithandiza anapita nacho.

Mng'ono wanga tsopano amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe. Mwana wake wamkulu anasiya sukulu yogonera konko, ndipo amamuthandiza kuyala zovala. Tinkaimbirana Loweruka lililonse, kenako mwezi ndi mwezi. Ulendo wina anandiuza, akuseka, kuti azimayi anzake a mumsika anamva nkhani yake, ndipo akamadutsa amakodolana n'kumati, uyo mzungu uja anakanidwa ndi azungu anzake. Ndinayesa kuseka naye. Ndinamuuza kuti ndapeza munthu wina amene amadziwa za mabuku akale a m'maesiteti, ndipo mwina tikhoza kupeza mayina a azungu amene anagwirako ntchito zaka zimenezo.

"Achemwali," anatero, kuseka kutatha. "Musiyeni mzungu uja. Agogo anakana kumutchula mpaka kulowa m'manda. Mukufuna ine ndikagwade kwa boma la eni ake ndi dzina lake m'manja, ndizikati awa ndi agogo anga, ndilandireni?"

Kumbuyo kwake ndinkamva mwana wake akuitanira anthu malonda.