Anyamata a Adadi pa Bwalo la Ntchemberembaye

Ndikakumbukira nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, chimayamba kundifika ndi fungo la nsapato zonyowa za mpira zitandandalikidwa pa hita m'nyumba mwathu ku Beaumont Leys, kuno kutsidya la nyanja, ndi wezulo wa Adadi ali lende pamsomali, womangidwa ndi chingwe cha nsapato. Amami akaweruka kuchipatala ankathamangira kutsekula mawindo asanavule ndi jekete lomwe, uku akudandaula kuti anakwatiwa ndi bwalo la mpira.

Adadi anali kochi pa koleji ina ku Loughborough. Kumudzi ku Dedza anali mphunzitsi wa masewera pa sekondale, ndipo kumeneko munthu sasankha: teremu ino liwiro, inayo mpira wa miyendo, atsikana akasowa wowaphunzitsa ntchemberembaye umagwiranso ndiwe. Atafika kuno anayamba ndi kusamalira okalamba, kenaka kolejiyo inawatenga itaona kuti munthu mmodzi akutha zitatu. Koma chaka chimenecho timu ya anyamata inkangogonja, ndipo akuluakulu anawauza kuti Isitala ikafika zinthu zisanasinthe, mpira wa miyendo aupereka kwa wina wodziwa umodzi wokhawo. Pa masewera atatu aja, umenewu ndiwo unali kumtima kwawo. Ndinkawaona akudya mwakachetechete, munthu amene kale ankatisokosa ndi nkhani za zigoli mpaka chakudya kuzizira.

Matenda a anyamatawo Adadi ankawadziwa. Aliyense akalandira mpira ankafuna kuchenya bwalo lonse yekha, mutu uli pansi, ngati anzake ndi mitengo. Mankhwala ake anali omwe ankagwiritsa ntchito ku Dedza: kuwaseweretsa ntchemberembaye, kumene ukagwira mpira suyenda nawo, umaima, n'kudzutsa mutu, n'kupatsira mnzako. "Kuthamanga sikufika," ankatero. Anyamatawo atamva anangoseka. Kaputeni wawo, mnyamata wamtali dzina lake Callum, anakanitsitsa kuti iwo sangavale timalaya ta atsikana. Adadi anapangana nawo kuti asewere kamodzi kokha ndi atsikana, anyamatawo akapambana nkhaniyo ithere pomwepo. Atsikana a pakoleji anali pa mayeso, ndiye Adadi anabwera kwa ine.

Ndinene zoona, masiku amenewo ndinkachita nawo manyazi bambo anga. Ankakuwa kwambiri, ankayambitsa nyimbo m'mbali mwa bwalo popanda wowathandiza, ndipo Chingerezi chawo chinkanunkhira mbatata ya ku Dedza. Akandilankhula Chichewa pagulu ndinkayankha m'Chingerezi, motsitsa mawu, maso ali kwina. Koma tsikulo sanandilamule. Anaima pakhomo la chipinda changa ngati mlendo n'kunena kuti, "Mami, ndithandizeko. Undipezere anzako asanu ndi mmodzi." Munthu wamkulu kukupempha chotero, umakana bwanji? Ndinasonkhanitsa anzanga a kutchalitchi, awiri a iwo a ku Zambia okhala ku Evington, ndipo Loweruka m'mawa tinakwera basi kenaka sitima, manja ali gwa ndi chisanu, titanyamula mandasi a Amami m'kontena.

Mu holo munkanunkha mphira ndi thukuta lakale. Anyamatawo anatuluka timalaya titawathina m'khwapa, akutiyang'ana ngati tianapiye. Mphindi zoyamba wezulo sanapume. Wina akagwira mpira miyendo inkangopita yokha, wezulo. Wina kuukakamira, wezulo. Callum anafiira mpaka m'makutu. Ife tinkangopatsirana, mpira kudutsa pansi pa mikono yawo yaitaliyo, ndipo anzanga a ku Zambia ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Chapakati pa masewero ndinayamba kunyada, ndinaugwira mpira nthawi yaitali kuti anyamatawo aone. Adadi sanandisiye. Anakuwa m'Chichewa holo yonse kumva, "Iwe, patsira mnzako, usandichititse manyazi!" Ndisanaganize n'komwe, ndinakuwanso m'Chichewa momwemo, "Ndamva, Adadi!" Anaima kaye, wezulo ali pakamwa osaimba, akundiyang'ana. Tinawachinya anyamata aja zigoli zochititsa chisoni, kenaka tinawagawira mandasi.

Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ankayamba ndi ntchemberembaye, ndipo pabwalo la miyendo mitu inayamba kudzuka. Anapambana masewero angapo. Koma Isitala itafika, mpira wa miyendo anawalandabe, poti akuluakulu anali atagwirizana kale ndi munthu wawo. Adadi anabwera kunyumba, anapachika wezulo pamsomali, n'kuyamba kuchotsa nsapato pa hita imodziimodzi. Ndinalira ndine, iwo ayi. Anakhalabe pakolejipo ndi liwiro ndi ntchemberembaye mpaka tsitsi linayera.

Masiku ano makochi otere kulibe, aliyense ali ndi masewera ake ndi mapepala ake, ndipo mwina n'zabwino. Koma ine ndinaphunzira kwa munthu amene ankaona kuti masewera onse ndi pachibale, ndipo zimandiwawa kuti ndinataya zaka ndikuchita naye manyazi. Tsiku lotsanzikana nawo pakoleji kunabwera bambo wina wadazi, Callum yemwe uja, amene tsopano amaphunzitsa ana mpira ku Nottingham. Anawauza Adadi kuti mwezi woyamba wa chaka chilichonse ana ake sakhudza mpira ndi phazi, amasewera ntchemberembaye. Makutu a Adadi anali atayamba kuvuta, ndipo m'chipindamo munali phokoso, choncho anatembenukira kwa ine kuti ndiwabwerezere. Ndinawabwerezera m'Chichewa, mokweza, anthu onse akumva.