Kamwinjiro ka Ubatizo ndi Dalaivala wa Malole

Apongozi anga akhala akusoka kwa zaka makumi anayi pa makina opalasa ndi phazi, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Anthu amangowatchula kuti Atelala. Ndi aafupi, olusa pakamwa, ndipo amatha kukukalipira mapini ali pamilomo. Ine ndinakwatiwa ndi mwana wawo, choncho ndikudziwa zimene ndikunena.

M'kabati yawo mumakhala kamwinjiro koyera kamene khanda lililonse la mumpingo mwathu limavala pobatizidwa. Amene anakasoka ndi amayi awo. Mwamuna wanga anakavala, ana anga anakavala, ngakhale mkulu wa mpingo, amene lero ali ndi dazi, analiramo.

Chaka chatha kunabwera dalaivala wa malole, bambo wa imvi, chimunthu chodzaza khomo, kudzapempha ubatizo. Anaphunzira kalasi yonse osajomba. Sabata yomaliza anafunsa abusa mwamanyazi ngati nayenso adzavale "chovala cha onse chija". Anthu anaseka mpaka misozi. Iye anangowerama n'kumapotokola chipewa chake, ndipo ine mtima unandiwawa.

Apongozi sanaseke. Anamuitanira kuchipinda kwawo, anakwera pampando n'kumuyeza mapewa.

Mkulu wa mpingo atamva kuti apongozi akufuna kumasula misoko ya kamwinjiroko, anafika ali wefuwefu.

"Amayi, chimenechi n'chakale, cha makolo athu! Sichikhudzidwa."

"Chakale chake chiti, bambo?" anatero apongozi, maso ali pa singano. "Manjawa ndinasintha nditangokwatiwa. Kolala ndasintha kawiri. Kumsanaku kunadyedwa ndi njenjete, ndinaikako nsalu ina inu mukadali kusukulu. Cha amayi anga chimene chatsala ndi kasokedwe, ndipo kali m'zala zangazi. Iwo anasokera anthu obatizidwa, sanasokere kabati."

Mkuluyo anangotembenuka n'kutuluka.

Nkhani itamveka, amayi a mumpingo anayamba kubweretsa nsalu zoyera, wina ya pabedi, wina ya pathebulo, namwino wina diresi lake lakale la kuntchito. Makina analira masiku anayi. Ine ntchito yanga inali kulowetsa ulusi m'singano ndi kukalipiridwa.

Lamulungu dalaivala anatulukira atavala mwinjiro wofika m'mapazi. Pachifuwa pake panali kamwinjiro kaja, katatambasulidwa n'kusokeredwa pakati penipeni, timabatani take tonse tili pompo. Aliyense anakazindikira. Mayi wina kumbuyo kwanga ananong'ona kuti, "Ana anga onse asanu anavala pamenepo." Nyimbo inayambika yokha, abusa asanaitchule, ndipo amene anaikweza kwambiri anali mkulu wa dazi uja.

Madzi atamutsika pamphumi, dalaivala sanabwerere pampando wake. Anayenda mpaka pamene panakhala apongozi, nagwada, chimunthu chonse chija, misozi ili chuchuchu.

"Amayi," anatero, "ndakwanamo."