Kabokosi kovala juzi kanadya ukwati wa apongozi anga

Inu owerenga, ine ndinalakwitsa posankha kanthu kakang'ono kokwana m'thumba la malaya, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi apongozi anga aakazi panjira ya kudimba ndimapatuka mpaka kulowa m'tchire. Anthu amati taonani ulemu wa mkamwini. Ayi ndithu, si ulemu wokha, ambiri ndi manyazi. Ndati ndikufotokozereni kuti nanunso zisadzakuonekereni.

Ndimakhala chikamwini kufupi ndi Mayani. Ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, ndipo ndili ndi kachipinda pamsika momwe muli kompyuta yanga ya patebulo, chimakina chakalekale cholira ngati chigayo. Kwa akuchikazi ntchito imeneyi sinkawerengedwa. Amuna anzanga akamalawirira ku mbatata ndi nyemba, ine ndinkadutsa ndi chikwama cha kamera paphewa. Ndinamva ndi makutu angawa azakhali a mkazi wanga akudandaula kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wongodinadina.

Ndiye kunabwera nkhani imene inagwedeza mudzi wonse. Apongozi anga aamuna, a Gwaza, anali munthu wa Gule kuyambira unyamata wawo. Apongozi aakazi, a Naphiri, ndi Mkatolika wobatizidwa ali khanda, koma poti ukwati wawo sunadalitsidwe kutchalitchi, anakhala zaka zambirimbiri osalandira Ukaristia. Ku Misa sankajomba. Anzawo akamafola pamzere wokalandira, iwo ankatsala pabenchi atagwada, mutu uli pansi. Palibe anawakakamiza a Gwaza. Atamera imvi anangonena okha tsiku lina kuti akufuna kuyamba kalasi ya ubatizo, ndipo anaphunziradi mpaka kumaliza. Bambo mfumu anaika tsiku limodzi mu Julayi loti pakhale ubatizo, kudalitsa ukwati ndi kulandira koyamba.

Mlamu wanga Esinta, yemwe ali ku Joni, anaimba foni akulira kuti sangathe kubwera. Anapempha kuti ndimujambulire zonse, osasiyako ngakhale kutsokomola kwa munthu. Banja lonse linatembenukira kwa ine, wongodinadina uja. Abale inu, ndinkayenda ngati ndikuuluka.

Vuto linali limodzi. Hadi diski ya m'kompyuta yanga inali itadzaza, komanso inkachedwa moti ukatsegula vidiyo unkatha kupita kukagula chiwaya n'kubwera isanayambe. Mnzanga wina anandipatsa SSD imene anachotsa mu laputopu yake yowonongeka. Kwa amene simunaionepo, ndi kachidutswa kopyapyala kotalika ngati chala, kosungira zinthu ngati hadi diski koma kothamanga kwabasi. M'chimakina changa munalibe polowetsa kachidutswako. Anandiuza kuti ndikagule kabokosi kake, kamene ogulitsa amati kesing'i, koti uikamo SSD n'kulumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB.

Ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe SSD ili m'thumba la pamtima, dzanja lili pomwepo njira yonse. Mayi wa m'sitolo anayamba wayang'ana kaye mano a kachidutswako. Anati timitundu take tilipo tiwiri, NVMe ndi SATA, ndipo kabokosi ka mtundu wina sikagwira ntchito ndi kanzake ngakhale kataoneka ngati kalowa. Kanga kanali ka NVMe. Pamenepo ndinamvera bwinobwino. Kenaka anandiikira timabokosi tiwiri patebulo. Kena kanali kachitsulo, kotuwa, kopanda chokongola chilichonse, ndipo kanali kolumikizidwa ku kompyuta yawo kakugwira ntchito. Nditakagwira ndinachotsa dzanja msanga, kanali kotentha ngati mbatata yootcha. Kenako kanali kapulasitiki kakuda konyezimira, kokhala ndi kagetsi kabuluu, kozizira bwino m'manja.

Mayiwo anati, “Bambo, tengani kachitsuloko. Kakutentha kunja chifukwa kakutulutsa moto wa m'kati.”

Ine ndinaseka. Mumtima ndinati anthu a m'tauni atiyesa ife ana, akufuna andikankhire katundu wowonongeka. Ndinawauza kuti ine ndimachokera ku Dedza komwe ngakhale tiyi amazizira asanafike pakamwa, ndiye za kutentha asandiopseze nazo. Sanalimbane nane. Anandiikira SSD m'kapulasitiki kaja, ine n'kumabwerera ndikuimba nyimbo.

Kunena zoona, masiku oyamba kabokosiko kanandisangalatsa. Vidiyo imene kale inkatenga nthawi yophikira nyemba, tsopano inkangoti psiti yalowa. Ndinaitana telala woyandikana nane ndi anyamata a kabaza kuti adzaone. Kagetsi kabuluu kakamaphethira, ine mtima uli dyokodyoko.

Tsono mkazi wanga, amake Tadala, ali ndi dzanja loluka. Kwathu wailesi ili ndi chovala chake, TV ili ndi chake, ngakhale botolo la mchere linavekedwa. Atabwera kudzandipatsa chakudya m'mawa wina wa nkhungu, anaona kabokosiko kali patebulo, fumbi la pamsika likukagwera. Anamva chisoni. Anati chinthu chimene chidzasunge ukwati wa makolo ake sichingakhale chamaliseche m'chisanu cha Julayi. Mawa lake anabwera ndi kajuzi kaulusi wofiira, kothina bwino, kali ndi kabowo ka chingwe ndi kena koonetsa kagetsi. Inu owerenga, musamuweruze mkazi wanga. Amene anakaveka ndine, ndipo ndinamuyamikira pamaso pa anthu. Makasitomala ankakajambula pafoni.

Tsiku lija litafika, tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Anzawo a Gwaza a kudambwe anabweranso, anakhala kumbuyo atavula zipewa. Kwaya inaimba ngati mawa kulibe, amayi a limana nthungululu zili wiriwiri. Ine ndinali paliponse, kugwada, kukwera pabenchi, kuyenda chafutambuyo. Mwambo wathu sulola mkamwini kuyang'ana apongozi aakazi kumaso, koma tsiku limenelo kamera inandipatsa chilolezo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona bwinobwino kuti mkazi wanga anatengera mphuno kwa amayi ake.

Nthawi yolandira itakwana, tchalitchi chinangoti zii. A Naphiri analandira n'kutseka maso. Kenaka bambo mfumu anafika pa a Gwaza. Nkhalamba ija, imene sinalire ngakhale pamaliro a mbale wake, inatambasula manja, ndipo misozi inatsika kulowa m'ndevu mpaka kudontha pa tayi. Anthu anali kumbuyo kwawo, akazi awo anali chitsekere maso. Kupatula bambo mfumu, amene anali kutsogolo ndinali ine ndi kamera yanga. Mumtima ndinati lero azakhali aja adziwa kuti kudinadina ndi ntchito.

Mawa lake ndinali ndi chinkhoswe ku Chimbiya ndipo memori khadi yaikulu ndinali nayo imodzi yokha. Ndinakopera zonse mu SSD, ndinatsegula n'kuona kuti zikusewera, kenaka ndinafufuta khadi ija n'kukajambulirapo chinkhoswe. Kwina koti n'kusungako kope lachiwiri kunalibe poti hadi diski inali yodzaza, ndipo sindinadere nkhawa. Ndinkakhulupirira kabokosi kovala juzi kuposa munthu.

Sabata yotsatira ndinakhala pansi kuti ndikonze vidiyo. Ndinayamba m'mawa, kudula, kulumikiza, kuika mayina ndi maluwa m'mbali. Dzuwa litapendeka kompyuta inalira kamodzi, SSD n'kusowa. Ndinazula chingwe n'kubwezeranso, inabwerera. Ndinati ndi magetsi athuwa. Patapita kanthawi inasowanso. Ndinagwira kajuzi, kanali kofunda bwino ngati mwana wogona, ine n'kumapitiriza. Zinachitika choncho kangapo, ine osatekeseka, mpaka ndinamva kafungo ka pulasitiki. Nditavula kajuzi kaja ndinapsa zala. Nditalumikizanso kabokosiko katazizira, kompyuta inandifunsa ngati ndikufuna kufomata, ndiko kuti kufufuta zonse. Thukuta linatuluka m'chisanu chonse chija.

Mwayi wake sindinavomere. Ndinathamangira ku Lilongwe kwa katswiri wobweza zinthu zotayika, ndipo kusitolo kwa mayi aja ndinadutsa nditayang'ana kumbali. Katswiriyo anandifotokozera zomwe ndinauzidwa kale, kuti SSD ya mtundu umenewu imatentha kwambiri ikamagwira ntchito yaitali, pulasitiki imasunga kutenthako m'kati, ndipo kuzimazima kuja ili pakati polemba ndiko kunasokoneza mafayilo. Nditamuuza za kajuzi anayesetsa kuti asaseke, koma zinamukanika. Anabweza zambiri ndithu. Madyerero onse analipo, mbuzi, kufupa, azakhali aja akuvina mpaka chitenje kumasuka. Koma vidiyo ya Misa inkayamba bwino ndi nyimbo yolowera, kenaka zithunzi n'kusweka timabokositimabokosi, kenaka mdima.

Kukanena kunali kovuta. Ndinakhala pa mpando kuseri kwa nkhokwe, apongozi aakazi ali pakhonde atayang'ana kwina, amake Tadala ali pakati kutumikira mawu. Apo m'pamene ndinamva kuti a Naphiri sankafuna za kuvina kapena za mbuzi. Bambo mfumu anali atawanong'oneza kuti amuna awo analira, ndipo iwo ankadikira vidiyo kuti aone ndi maso awo. Kenaka anauza mwana wawo kuti, “Auzeni asadandaule. Tsopano timalandira Lamulungu lililonse, abwere ndi kamera yawo.”

Ndinapitadi, nditagula kabokosi kachitsulo. Ndinajambula bwino kuposa poyamba. Koma a Gwaza analandira modekha ngati munthu wozolowera, ndipo pobwerera anayang'ana kamera n'kukonza jekete. Esinta ataiona ku Joni anafunsa chifukwa chake makolo ake avala zovala zosiyana ndi za pamadyerero, ndipo ndinamuuza zoona. Apongozi aakazi anaionera pa TV mpaka kumapeto, anathokoza mwaulemu, kenaka anafunsa mwana wawo motsitsa mawu kuti, “Nanga misozi ija ili pati?”

Inu owerenga amene muli ndi kompyuta ya patebulo ndipo mukufuna kabokosi ka SSD, mverani ine wopsa zala. Tengani SSD yanuyo popita kusitolo kuti aone mtundu wake. Sankhani kachitsulo, ndipo kakamatentha m'manja musaope, ndiye kuti kakugwira ntchito yake. Muli kachidutswa kofewa ngati chingamu kamene amaika pakati pa SSD ndi chitsulo, musakataye poyesa zinyalala. Musakomedwe ndi kagetsi. Musakaveke kanthu, musakafunditse, ngakhale kunja kutazizira bwanji, chisanu cha ku Dedza sichilowa m'kati mwa pulasitiki. Ndipo chinthu chosabwerezeka musachisunge malo amodzi, bola kubwereka khadi kwa mnzanu kusiyana ndi kufufuta.

Kajuzi kofiira kaja pano kanavekedwa botolo la tsabola. Koma nkhani sinathere pomwepo. Masiku ena madzulo dzuwa lisanalowe, apongozi aakazi amatuma amake Tadala kuti andiitane. Ndimakhala kuseri kwa nkhokwe kuja, iwo pakhonde atayang'ana kwina, ndipo amandipempha kuti ndifotokozenso mmene amuna awo anatambasulira manja, diso limene linayamba kugwetsa msozi, ndi pamene unakadontha. Ndimafotokoza bwino momwe ndingathere, poti kupatula bambo mfumu, amene anaona ndine ndekha. Ndikamaliza amati zikomo, koma ine ndimadziwa kuti chimene ankafuna ndi kuona okha.