Nkhoswe wathu wa ku Cape Hill

Mwana wathu tinamusiya ku Lilongwe kwa achemwali anga, titamulonjeza kuti timuitanitsa posachedwa. Ine ndinali namwino pachipatala chachikulu cha ku Bordesley Green, kuno kudziko la azungu. Amuna anga ankanyamula makatoni pakampani ina, digiri yawo ya zachuma ili phee m'sutikesi. Tinkachita lendi kachipinda kamodzi ku Sparkhill, pamwamba pa lesitilanti, moti ngakhale yunifomu yanga inkanunkha anyezi wokazinga. Boma la kuno silikanalola kuti mwana abwere kudzapanikizana nafe mmenemo. Pankafunika nyumba yokhala ndi chipinda chake. Zaka zimenezo mabanki ankapereka ngongole za nyumba ngati akugawa timapepala ta chitsitsimutso, ndiye ifenso tinati tigule.

Mutu unakula posankha wotithandiza. Tinayamba ndi kampani yaikulu ya zanyumba ya pa Stratford Road, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Anatilandira bwino, ndisaname. Koma tsiku lililonse tinkapezako mnyamata wina, tayi yomweyo, kumwetulira komweko, ndipo aliyense tinkayambanso kumufotokozera kuti ndife ndani. Amuna anga anati munthu wosakudziwa sangakufunire zabwino.

Kenako tinayesa achimwene atatu a kutchalitchi kwathu, omwe atamaliza yunivesite anayamba kudzitcha timu. Mmodzi ankasaka nyumba, wina ankadziwa za kubanki, wachitatu sindinamvetse ntchito yake kupatula kutsegula ndi pemphero. Tinakumana nawo Lachisanu. Lamlungu mayi wina wa m'kwaya, wa ku Chipata, anandikokera pambali.

"Ba sister, namvela muli kugula nyumba. Housewarming ni liti? Ise a kwaya tayamba kale ma-practice."

Ndinapsa mtima koopsa. Nyumba tisanaione n'komwe, mpingo wonse unali utadziwa kale malipiro anga.

Amuna anga ndiwo anapeza bambo wa ku Cape Hill, mzungu wachikulire wogwira ntchito yekha m'kaofesi ka pamwamba pa ometa tsitsi. Ameneyu ankakumbukira wodi yomwe ndinkagwira, ankafunsanso za msana wa amuna anga.

"Amayi, munthu ndi uyu," anatero amuna anga tikutsika masitepe. "Kwathu nkhani yaikulu chonchi timatuma nkhoswe, osati kampani. Uyu ndiye aka-negotiate m'malo mwathu."

Tinamusandutsadi nkhoswe. Tinamuitana kwathu, ine n'kuphika nkhuku yolimba ija ya kwa Amwenye, n'kumuikira nthutumba monga mlendo wolemekezeka. Anaitembenuza ndi foloko kangapo, kenako anaimeza molimba mtima. Ndipo poti nkhoswe sabisiridwa kanthu, amuna anga anakhuthula zonse. Anamuonetsa chithunzi cha mwana. Anamuuza pomwe banki inatiikira malire, za ndalama zomwe tinasungira tikiti ya ndege ya mwanayo, ngakhale zoti ine ndimalira ndikatsitsa foni ya ku Lilongwe. Bamboyo ankangogwedeza mutu mwachisoni, ine n'kumati Mulungu watipatsa mbale wathu pakati pa azungu.

Anationetsa nyumba ku Smethwick, ya zipinda ziwiri, chaching'onocho zenera lake loyang'ana kukadimba ka kuseri. Ndinaikonda, ndipo ndinanena pamaso pake kuti ina sindikufunanso. Tinatchula mtengo wathu. Patapita masiku anaimba foni ndi mawu achifundo kuti kwapezeka wogula wina, tiwonjezereko pang'ono. Tinawonjezera. Wogula uja, amene palibe anamuonapo, anawonjezeranso. Anali munthu wodabwitsa ndithu, chifukwa anatithamangitsa mpaka pamalire a banki, natidyera ndi ya tikiti yomwe, ndipo titangouma iyenso chilakolako cha nyumba chinamuthera.

"Mwaona?" anatero amuna anga. "Nkhoswe watimenyera nkhondo. Ma-agent a pa Stratford Road akanatitaya."

Tsiku lotenga makiyi amuna anga anavala suti. Anaweramira bamboyo mwaulemu, akusisita manja, n'kufunsa kuti kachithokozo ka nkhoswe kamakhala kotani kuno. Iye anaseka, nati tisavutike, amene amamulipira ndi mwini nyumba, ndipo gawo lake limakula mtengo ukakwera. Anati iye amagwirira ntchito wogulitsa, ndi mmene zimakhalira kuno, ankayesa tikudziwa. Ananena mosachita manyazi, chifukwa kunena zoona sanatinamizepo kuti ndi wathu. Unkhoswewo tinamuveka tokha. M'basi pobwerera katswiri wanga wa zachuma anavula jekete la suti ija n'kulipinda pamiyendo.

Nyumba tinalowadi, koma ngongole yake inkatimeza mwezi ndi mwezi, tikiti osaoneka. Kuti tipume, chipinda chaching'ono chija tinaikamo mtsikana wa ku Zomba wophunzira kuyunivesite, kuti azilipira lendi. Ndinkadana naye popanda chifukwa, mwana wa eni wofatsa.

Lamlungu lina masana ndinagula khadi la foni n'kuimbira ku Lilongwe. Achemwali anali atamuuza kale mwana kuti makolo ake agula nyumba. Anandifunsa kuti chipinda chake n'chotani. Ndinaima pakhomo la chipindacho, ndikuyang'ana mabuku ndi masokosi a mtsikana uja ali mbwee pabedi, n'kumufotokozera za zenera ndi kadimba.

"Amama," anatero, "musalole munthu wina agone pabedi langa, mwamva?"

Ndinati ndamva.