Buluku la Mayi a Pilirani pa Nsanja ya ku Kilkenny

Mukawaona mayi a Pilirani akutsimphina pa South C apa, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, musayerekeze kuwamvera chisoni. Akutsukani mkamwa. Dzina lawo ndi Bernadette, kwawo ndi ku Dedza, ndipo anabwera ku Nairobi mu 1996 potsatira amuna awo, a Gresham, amene ankayendetsa galimoto ku bungwe lina ku Westlands. Ine Lorna ndinkakhala nawo khoma limodzi. Makina awo osokera akayamba kulira, kwanga makapu ankagwedezeka.

Mwendo wawo wamanzere unafota ndi poliyo ali mwana. Amavala chitsulo kuyambira pabondo mpaka kuphazi, ndipo moyo wawo wonse ankachibisa m'masiketi okwekwereza pansi. Koma chimene chinkawadya mumtima si mwendowo ayi. Ndi mawu akuti, "Inu tsalani pano, mutisungire zikwama." Kusukulu anzawo pokwera phiri la Dedza, iwo anatsala ndi zikwama. Kuno amayi a mpingo atapita kumapiri a Ngong, zomwezonso.

Mu 2000 Bambo Griffin, wansembe wa ku Ireland amene anakhalitsa ku Malawi, anakonza zoti kwaya yathu ya Amalawi ikaimbe kwawo ku Kilkenny. Anationetsa zithunzi: nyumba yachifumu yamiyala m'mbali mwa mtsinje, matchalitchi akalekale, ndi nsanja yozungulira, yayitali ngati chumuni cha fakitale. M'kati mwake, anatero, muli makwerero okhaokha, ena pamwamba pa ena, mpaka kudenga.

"Amayi ofuna kukwera avale mabuluku," anatero Bambo. "Siketi imakola, komanso pansi panu pamakhala anthu."

A Gresham anaseka. "Kwa ife palibe vuto, Bambo. Mayi a Pilirani akatisungira zikwama."

Pobwerera tinakwera matatu, minibasi ya kuno. Titafika pa Mombasa Road, a Bernadette anandigwira dzanja. "Asisi, nsanja ija ine ndikakwera. Ndatopa kumvera kwa anthu."

Koma ndiye buluku! Ife tinakula nthawi imene mkazi kuvala buluku kwathu unali mlandu. Lamulolo linatha, koma m'mitu ya amuna athu linali likadali moyo. A Gresham atamva, mawu awo anaboola khoma mpaka kwanga. "Mkazi wanga, mayi wa m'kwaya, buluku? Ukufuna dziko lonse lione chitsulocho?" Ine mtima unandiwawa moti ndinapsereza ndiwo. M'mawa mwake makina analira. A Bernadette anasoka buluku la chitenje chobiriwira, mwendo umodzi wotakasuka kuti chitsulo chilowe bwino.

Kenako anayamba kuphunzira kukwera. Ku Parklands, kumafulati kumene ankaperekako zovala za makasitomala awo, kunali makwerero opita ku thanki ya madzi padenga. Ananyengerera mlonda mpaka anawalola. Mlondayo ankangogwira pamutu n'kumati, "Pole pole, mama!" kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Tsiku lina anaterereka n'kubwera kunyumba chigongono chili magazi. Ndinawakalipira kuti afuna kutifera pachabe. Iwo anangoseka n'kundionetsa zikhatho zodzaza ndi matuza. Anali atatulukira njira yawo: manja akoke, mwendo wabwino uponde, winawo uzitsatira pambuyo.

Ku Kilkenny tinapeza kamvula kosatha ndi mphepo yolowa m'mafupa. Tinaimba, anthu anaomba m'manja. Tinayendera nyumba yachifumu ija, zipinda zazitali zodzaza ndi zithunzi za anthu osamwetulira. Tinadutsa m'tinjira tamiyala topapatiza moti awiri simungayende mogundizana mapewa. A Bernadette ankangoti "eya, n'zokongola," koma maso ali kumtunda kumene nsanja inkasuzumira pamwamba pa madenga.

Titafika patsinde pa nsanjayo, pafupi ndi tchalitchi chachikulu ndi manda akale, a Gresham anaika chikwama chawo pamapazi a akazi awo, monga mwa chizolowezi. A Bernadette anachiyang'ana, kenako anamasula chitenje chimene anamanga m'chiuno, n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika pamwamba pa chikwamacho. Buluku lija poyera! Amuna onse anayamba kuwerenga mayina a pamanda.

A Reuben, apampando a kwaya, anatsokomola. "Mayi, musatichititse manyazi kwa eni dziko."

"A tcheyamani, ine ndabwera kudzakwera. Ndipatseni njira."

Analowa, ine pambuyo pawo. M'katimo munali mdima ndi fungo la chinyezi, ndipo makwerero anali oimirira kuposa a ku Parklands aja. Chitsulo chinkangoti ngwe, ngwe pamatabwa. Tinakwera oyamba, achiwiri, kenako ndinasiya kuwerenga. Chapakatikati a Bernadette anaima. Mwendo wabwino uja unkanjenjemera, mpweya ukutuluka ngati wa munthu wodwala mphumu. Pansi pathu panadzaza anthu odikira.

"Titsike, asisi," ndinatero, mantha atandigwira. "Mwayesetsa, aliyense waona."

Ndiye ndinamva munthu akundikankhira pambali pa kathandala kopumirapo. Anali a Gresham, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja.

"Berna, ndili pano. Ndikunyamule?"

"Musandikhudze, bambo a Pili. Ingokhalani pomwepo."

Bambo aja anakhaladi pomwepo, manja atatambasula pansi pa akazi awo, osawakhudza. Chitsulo chinalira ngwe. Kenako chinaliranso.

Titatulukira pamwamba, mphepo inatimenya kumaso. Mzinda wonse unali pansi pathu: madenga akuda onyowa, mtsinje ukukhota, nyumba yachifumu ija itachepa ngati bokosi la machesi, ndi minda yobiriwira mpaka kumene maso amalekezera. A Bernadette anagwira zitsulo zotchinga, misozi ili chuchuchu.

"Asisi," anatero, "kodi zaka zonsezi anthu inu mumaona zoterezi? Ndiye mukatsika n'kumandiuza kuti kunalibe chachilendo?"

Iwo anapukuta kumaso, anakoka mpweya, n'kuimba nthungululu yoti mbalame zonse za patchalitchipo zinabalalika. Azungu amene anali pamwambapo anaomba m'manja. A Gresham anagwira mkono wa mkulu wina wachizungu n'kumamuuza m'Chichewa, osakumbukira kuti sakumva, "Awatu ndi akazi anga awa! Akazi anga!"

Patapita nthawi a Reuben anasuzumira pakhomo la makwerero kunena kuti basi ikudikira.

"Tsikani inu," anatero a Bernadette, osacheuka n'komwe. "Ine sindinamalize kuona."

Ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsika.