Mageti a ku Area 10 sanatitsegukire, Tadala

Lero ndakumana ndi Yamikani ku City Centre, Tadala. Ali mu suti, khosi lanenepa, akuti tsopano ndi katswiri wa kafukufuku, amaphunzitsa mabungwe kutolera deta yoona. Ndaseka chamumtima, kenako ndakumbuka iwe, kuseka konse n'kutha.

Ukukumbuka tili chaka chachitatu cha jogalafe, atatituma ku Area 10 kukafunsa anthu komwe amataya zinyalala? Tinaodira geti ndi geti, dzuwa likuswa mtengo. Otiyankha anali agalu, apo ayi alonda pa kazenera: "Abwana safuna alendo." Yamikani ndi anzake anakwera minibasi n'kukakhala pa chiwaya ku msika wa Tsoka, kumadzifunsa okha, kumadziyankha okha, tchipisi chili m'kamwa. Anapeka mabanja athunthu, mpaka ana ndi antchito awo. Iwe unabwerako ndi mayankho ochepa, mapazi atatupa, n'kuwauza aphunzitsi mosaphethira: "Amene akana kuyankha, ndalemba kuti akana." Iwo anati sampulo yako ndi yochititsa manyazi, n'kukweza m'mwamba magirafu a Yamikani onunkha mafuta aja kuti tonse titengerepo chitsanzo.

Pamaliro pako Yamikani yemweyo ndiye analankhula m'malo mwa kalasi, akupukuta m'maso mouma, ati unali ngati mlongo wake. Ugone bwino mnzanga, sunamve zalerozi. Wandigwira paphewa n'kufunsa, "Kodi Tadala uja ali kuti masiku ano?" Ndamuuza kuti apeke yekha yankho, paja ndiyo ntchito yake.